Kodi kulembetsa kampani ku Joni kumapatsadi munthu pemiti?

Bambo a Yamikani:
Odi akuluakulu a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu, makamaka inu amene muli ku Joni. Ine ndine telala, ndimasokera ku Ndirande, makina anayi ndi anyamata atatu. Ntchito yathu yaikulu ndi mayunifolomu a sukulu ndi zovala za pa zinkhoswe. Koma nsalu zakwera, ulusi wakwera, makasitomala nawo ndi ongolonjeza kutha kwa mwezi. Mlamu wanga wandilumikiza ndi ejenti wina wa ku Johannesburg. Akuti ndimutumizire R30,000 andilembetsere kampani m'dzina langa, kampaniyo ikangotuluka ndiye kuti pemiti ya bizinesi ya zaka zitatu yatheka, mayi a kunyumba ndi ana omwe. Wanditumizira chithunzi cha satifiketi ya munthu wina amene akuti anamuthandiza. Ndalamayo m'thumba mulibe, koma ndili ndi puloti ku Chileka imene munthu wina wakhala akuinyengerera. Ndigulitse?

Che Jafali Mayfair:
Achimwene musagulitse kaye kanthu. Dikirani anthu ayankhule.

Mayi a Favour:
R30,000 yongolembetsera kampani? Eee, ndisiye kuluka tsitsi ndiyambe ntchito imeneyi kkkk

Nangozo Randburg:
Bambo a Yamikani, taonani bwino pamwamba pa satifiketi yakutumizirani. Palembedwa Home Affairs, unduna woona za olowa ndi otuluka, kapena CIPC, ofesi yolembetsa makampani?

Bambo a Yamikani:
Palembedwa CIPC achemwali, pakona pali CoR 14.3. M'munsimu muli dzina la kampani, nambala yake ndi dzina la dayirekitala.

Nangozo Randburg:
Ndimayembekezera zomwezo. Ine ndimagwira mu ofesi yowerengera ndalama za makampani, mapepala amenewo amadutsa pa tebulo langa sabata iliyonse. CoR 14.3 imangonena kuti kampani yakutiyakuti yalowa m'kaundula wa boma. Mtengo wake ku CIPC ndi R125, mukafuna kusungitsa dzina muwonjezera R50. Munthu aliyense wokhala ndi pasipoti atha kulembetsa, ngakhale ali phee pa makina ake ku Ndirande osapondako kuno. Ndiye ejenti wanuyo sakunama kuti kampani ituluka. Ituluka ndithu. Bodza lili poti kampaniyo ikupatsani chilolezo chokhala m'dziko muno. Galimoto itha kukhala m'dzina lanu pa bulubuku, koma bulubuku si laisensi yoyendetsera.

Chilolezo chimachokera ku Home Affairs, ndipo chimene akunenacho ndi business visa ya pa gawo 15 la lamulo loona za olowa ndi otuluka la 2002. Chiyambire 2014 zimene amafuna ndi izi. Mpamba wa R5 miliyoni wochokera kunja kwa South Africa, osati ndalama yopezera konkuno. Akauntanti wovomerezeka asaine kuti ndalamayo ilipodi, kaya yonse ndi kashi kaya ina ili m'makina. Mulonjeze kuti mwa antchito 100 alionse, 60 adzakhala nzika za kuno kapena okhazikika mwalamulo, ndipo pakutha pa miyezi 12 muonetse umboni wake. Unduna wa zamalonda, DTIC, ulembe kalata yoti bizinesiyo ndi yotheka komanso ili ndi phindu ku dziko lino. Kenako kulembetsa ku SARS za msonkho, ku UIF, thumba lothandiza amene ntchito yawathera, ndi ku thumba la chipukuta misozi cha ovulala pantchito. Pamwamba pake kalata ya dokotala ndi kalata ya apolisi yoti mulibe mlandu, ija timakatenga ku Area 30.

Zaka zitatu akunenazo ndi zoona, vizayo imatha kufika pamenepo. Akuba amadziwa kusakaniza choona chimodzi m'kati mwa bodza.

Bambo a Yamikani:
R5 miliyoni kapena R5,000? Mwina chala chaterera.

Nangozo Randburg:
Miliyoni, bambo. Kale inali R2.5 miliyoni, mu 2014 anaiwirikiza kawiri.

Dalie wa ku Area 49:
Ndawerengetsera pa mtengo wa kubanki, landi imodzi pafupifupi K100. Ikuyandikira K500 miliyoni. Pa mtengo wa kumsika wa mdima ndisatchule, wina angakomoke. Komanso olo mutakhala nazo m'makwacha, mukazitulutsa bwanji? Ndalama yotere siituluka popanda chilolezo cha Reserve Bank, pomwe panopa olo $200 ya ulendo kubanki amakuuza kuti ubwere sabata ya mawa. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 zinthu sizinawongokebe.

Achisale (admin):
Munthu wokhala ndi K500 miliyoni angavutikirenji ndi kuzizira kwa June ku Johannesburg? Amange mahositelo pafupi ndi yunivesite ku Zomba azidya atakhala pansi.

Bambo a Yamikani:
Koma ejentiyo anatchulapo kuti pali njira yokhululukira ndalamayo. Akuti osoka zovala ali m'gulu lokhululukidwa. Zimenezo ndi bodzanso?

Nangozo Randburg:
Apanso watola choona n'kuchipinda. Ndi zoona kuti mutha kupempha kuti mpamba autsitse kapena auchotse, ngati bizinesi yanu ili m'magawo amene boma linati ndi ofunika ku dziko. Mndandanda wake uli ndi zinthu ngati kukonza zokolola, ntchito za makompyuta, zokopa alendo, mipando, kupanga maboti, ndipo inde nsalu, zovala ndi zikopa zilimo. Koma ganizirani chimene akufuna akamati zovala. Mafakitale a zovala a ku Cape Town, Durban ndi Newcastle anagwa kwambiri ndi katundu wotchipa wa ku China, anthu ambirimbiri ntchito zinawathera. Boma likufuna munthu wobwera ndi makina a fakitale, wolemba anthu ntchito ochuluka, wokhala ndi maoda olembedwa ochokera ku masitolo. Munthu wa ku DTIC akawerenga pulani ya makina anayi ndi antchito atatu, funso lake likhala limodzi: ku Soweto kulibe wosoka yunifolomu?

Sindikunyoza ntchito yanu ayi, mayi anga anatiphunzitsa sukulu ndi makina a Singer opalasa ndi phazi. Ndikungonena mmene wowerenga pepalayo aonere. Komanso kukhululuka kwa mpamba sikuchotsa zinazo. Za 60% zija zikhalabe, kalata ya DTIC ikhalabe.

China chimene ejenti sanakuuzeni: viza imeneyi mumapempha muli kwanu, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, inu mwini kuonekera. Malamulo a 2014 omwewo anatseka zolowa ngati mlendo wa masiku 30 kenako n'kusintha uli m'kati muno, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Ndiye akakuuzani kuti "ingobwerani, tidzakonzera konkuno", dziwani kuti palibe chokonzeka.

Che Jafali Mayfair:
Ine ndiyankhule ngati telala mnzanu. Kuno ku Mayfair ndi Fordsburg atelala a kwathu tilipo ambiri, a ku Mangochi, a ku Machinga, a ku Balaka. Mukalowa m'mashopu a nsalu pafupi ndi Oriental Plaza, kuseri kwa katani mumva Chiyao ndi Chichewa chokhachokha. Koma funsani kuti shopu ndi ya ndani. Ndi ya mwenye, ya m'Pakistani, ya m'Bangladeshi. Ife timalipidwa pa chovala chimene tasoka, makatani mitala yakuti, mikanjo yakuti. Nyengo ya Ramadan usiku sitigona, Eid ikadutsa kuli zii. Pa anzanga onse amene ndimaswali nawo, sindikudziwapo ndi mmodzi yemwe wa business visa. Inu kwanuko ndinu bwana wa makina anayi. Kuno mudzakhala pa makina a wina, m'chipinda chopanda windo, lendi ya kachipinda kogona ikukudikirani pa 1.

Mayi a Favour:
Koma tisamuopsezenso munthu mopyola. Ine saluni ndili nayo ku Rosettenville, ana akuphunzira, kumudzi ku Ntcheu nyumba ya malata yaima. Pepala la R5 miliyonilo sindinalionepo ndi maso. Anthu akudya kuno, tisanamizane.

Achisale (admin):
Mayi a Favour, tiuzeni zonse tsono. Saluniyo ili m'dzina la ndani?

Mayi a Favour:
Achisale mwayamba kkkk. Chabwino. Pangano la lendi lili m'dzina la mzimayi wina wa konkuno, ndimamupatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Kamakina kolipirira pa khadi nakonso n'kake, ndiye kasitomala akalipira pa khadi ndalama imayamba yagona mu akaunti yake, ine ndimachita kupempha. Mwezi wina amachedwetsa, ndimangoti zikomo. Tili ndi gulu la pa WhatsApp la amayi a mumsewu wathu, wina akangoona galimoto za apolisi a mzinda ndi a zolowa ndi kutuluka zikukhota pakona amalemba liwu limodzi, tonse zitseko zachitsulo gwa. Kasitomala amatsala m'kati mutu theka woluka theka wosaluka, tonse chete mpaka adutse. Moyo wake ndi umenewo. Ndalama ilipo koma tulo ndi tochepa. Chimene ndikukana n'choti munthu alipire R30,000 pa pepala limene silimuchotsa m'moyo umenewu. Akafuna kubwera mwa ife, abwere akudziwa, ndalama yakeyo agulire makina.

Nangozo Randburg:
Mayi a Favour anena mosabisa, ndawalemekeza. Ndingowonjezera kuti njira yobwereka dzinayi inayamba kuthina. Mukumbuka ana 6 aja anamwalira ku Naledi, Soweto, mu October 2024 atadya zogula pa spaza, timagolosale ta m'makomboni. Pa 15 November Ramaphosa analamula kuti spaza iliyonse ndi malo ogulitsa zakudya alembetse kumakhonsolo m'masiku 21, kenako anatalikitsa mpaka 28 February 2025. Mlendo amafunsidwa pepala lomulola kuchita bizinesi, ndipo eni dziko anachenjezedwa kuti kulembetsera mlendo m'dzina lako ndi mlandu. Zinayambira ku zakudya, koma oyendera akalowa mumsewu sasankha khomo.

Ndipo mtengo wa kupyola masiku amene anakudindirani pa boda muudziwe. Mukapyola osafika masiku 30, pa boda amakudindani kuti musalowenso chaka chimodzi. Mukapyola masiku oposa 30 ndi zaka 5. Akakugwirani m'kati ndi ku Lindela, malo osungira alendo ogwidwa opanda mapepala ku Krugersdorp, kudikira basi yokubwezani.

Bambo a Yamikani:
Nanga a ku Somalia ndi a ku Ethiopia amene timamva kuti ali ndi mashopu paliponse, onsewo anabwera ndi R5 miliyoni?

Nangozo Randburg:
Ayi, ambiri mwa iwo ali ndi mapepala a othawa kwawo kapena odikira yankho la pempho lawo. Mu 2014 khoti lalikulu la apilo linagamula, pa mlandu umene bungwe la anthu a ku Somalia linasumira boma la chigawo cha Limpopo, kuti anthu amenewa atha kupempha laisensi ya malonda. Khomo lawo ndi lina. Mmalawi akapita kukapempha pepala limenelo amafunsidwa kuti wathawa nkhondo iti, ndipo umphawi saauwerengera. A ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho nawo anali ndi mapemiti awo apadera amene maboma anagwirizana. Ife tilibe.

Kondwani DXB:
Njira yachidule ndi kukwatira konko basi kkkk

Mayi a Favour:
Mayi a Yamikani ali pagulu pano, samalani pakamwa aKondwani.

Nangozo Randburg:
Nthabwala pambali, lamulo lake liripodi. Amene ali pabanja lenileni ndi nzika kapena wokhazikika atha kupempha viza ya pa gawo 11(6), n'kuikitsapo chilolezo cha bizinesi popanda R5 miliyoni. Banja likatha zaka 5 atha kupempha kukhazikika. Koma ukwati wogula ndi mlandu, ndipo pali azimayi a kuno amene anangozindukira kuti m'kaundula ndi okwatiwa ndi mwamuna amene sanamuonepo. Nkhani zoterezi ndi zimene zimatidanitsa ndi eni dziko.

Chimene ndimaopa kwambiri pa maejenti awa si kuthawa ndi ndalama kokha. Ena amakubweretserani sitika ya viza yooneka ngati yeniyeni, yomata mu pasipoti, koma mu kompyuta mulibe, kapena nambala yake ndi ya munthu wina. Mumayenda nayo mosangalala mpaka tsiku limene wa pa Beitbridge aiika pa makina. Pamenepo simulinso munthu wopyola masiku, ndinu wogwiritsa chikalata chachinyengo. Mu 2022 komiti ya Cassius Lubisi inapereka lipoti la mapemiti otuluka mwachinyengo, ndipo chiyambire pamenepo akhala akufukula mafayilo akale.

Anaphiri Leeds:
Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Bodza lomweli lafikanso kuno ku UK, langosintha malaya. Chitsekereni boma njira yobweretsa osamalira okalamba kuchokera kunja mu July 2025, maejenti aja amagulitsa makalata a ntchito asanduka alangizi a bizinesi. Akuti tsegulani kampani ku Companies House, muzilembe ntchito nokha. Kutsegula kampani kuno n'kosavutadi, pa intaneti tsiku limodzi yatuluka, koma nkhani ndi yomwe anena Nangozo.

Viza yeniyeni ya oyambitsa bizinesi panopa ndi Innovator Founder, inayamba mu April 2023. Yakale ija yofuna mpamba wa £200,000 anaitseka mu 2019, ya anthu olemera ongoika ndalama anaitseka mu February 2022. Yatsopanoyi sinena kuti ukhale ndi mpamba wakuti, ndiye anthu akamva choncho amasangalala. Koma pamafunika bungwe lovomerezedwa ndi Home Office likulembere kalata yoti ganizo lako ndi latsopano, silikupezeka kale pamsika, lingayende, ndipo lingakule mpaka kulemba anthu ntchito. Golosale ya ufa ndi usipa, saluni, kampani yosamalira okalamba, zonsezo amati zilipo kale. Kuti akuunikire ganizolo ndi £1,000, kukumana nawo pakatha miyezi 12 ndi 24 ndi £500 ulendo uliwonse, ya chipatala £1,035 pa chaka munthu wamkulu mmodzi, £1,270 igone mu akaunti masiku 28, mayeso a Chingerezi, kuyezetsa TB, osawerengera mtengo wa vizayo. Ubwino wake ndi woti zikayenda pakatha zaka zitatu utha kupempha kukhazikika. Koma ndi ya anthu ngati Dalie a makompyutawa, osati ife a geni.

Dalie wa ku Area 49:
Anti mwandikweza kkkk. Ine yanga ndi ya Estonia. Anzanga ambiri a makompyuta amatengeka ndi e-Residency poganiza kuti ndi khomo la ku Ulaya. Inayamba mu December 2014, amakupatsa khadi loti utsegulire kampani ya ku Estonia ndi kusaina mapepala pa intaneti uli kwanu. Eni ake amalemba poyera kuti si viza, si chilolezo chokhala, olo kulowera pa bwalo la ndege siigwira. Kwa munthu wofuna kulandira malipiro kuchokera kwa makasitomala a ku Ulaya ndi yothandiza. Kusamuka ayi.

Kondwani DXB:
Tsono onse mukungotseka makomo, ine nditsegule limodzi. Kuno ku Dubai zimene akunena ejenti wa bambo a Yamikani zimachitikadi. Ukagula laisensi ya kampani mu free zone, dera lapadera la malonda, kampaniyo imakutulutsira viza yokhala ya zaka ziwiri ndi Emirates ID. Safunsa kuti ganizo lako ndi latsopano kapena ulemba eni dziko angati. Anthu a makontena ndi a mafoni ku Deira ambiri ali pa njira imeneyi.

Anaphiri Leeds:
Nenaninso kuipa kwake achimwene, musakhale ngati ejenti.

Kondwani DXB:
Ndimafika komweko anti. Laisensi umalipira chaka ndi chaka, malonda ayende asayende. Ukalephera, viza yako ndi ya banja lonse zimagwera limodzi. Ukakhalitsa kunja viza itha kufa. Asanakupatse amakuyeza magazi ndi chifuwa, akapeza HIV palibe kukambirana. Msonkho wa makampani unayamba mu June 2023, 9% pa phindu lopyola AED 375,000, ndalama ya kuno. Ndipo ukhale zaka 20, mwana abadwire konkuno, sudzakhala nzika. Ndi lendi ya chilolezo, si kwanu. Kwa wogula katundu kutumiza ku Lilongwe ndi Lusaka zimamveka. Kwa telala, amwenye ndi a ku Pakistan osoka ali mbwee, mitengo yawo simungaifike.

Gama wa ku Chipata:
Ife a ku Zambia tili m'bwato limodzi na imwe. Ku America viza ya E-2 ija anthu amaitama kuti ndi ya bizinesi yaing'ono ndi ya maiko okhawo amene ali ndi pangano la zamalonda na America. Ethiopia, Senegal, Cameroon, Egypt alimo, Malawi na Zambia mulibe. Ina ndi EB-5, yofuna $800,000 ndi ntchito 10 za anthu a kumeneko. Ndipo mu August 2025 maiko athu awiriwa ndi amene anayambira kuuzidwa kuti wofuna viza yokacheza atha kufunsidwa chikole cha $5,000 mpaka $15,000. Olo kuno kwathu, mlendo wofuna pemiti ya investor pa bizinesi yatsopano amafunsidwa $250,000. Achimwene a ku Mchinji amene amagulitsa pa msika wa Kapata amadziwa okha mmene amayendera.

Achisale (admin):
Ndakhala ndikuwerenga, ndipo ndikuona ngati tikudabwa ndi chinthu chimene ifenso timachita. Tanzania mu July 2025 inaletsa alendo mabizinesi 15, saluni, kukonza mafoni, kutumiza ndalama pa foni ndi zina. Botswana inasungira eni dziko malonda ang'onoang'ono kalekale. Nanga ife? Business Residence Permit ya ku Malawi imafuna $50,000 yochokera kunja. Ndipo mu May 2023 tonse tinaona apolisi akutola a ku Burundi ndi a ku Rwanda m'mataunimu, mashopu kutsekedwa, anthu kudutsira ku Maula kupita ku Dzaleka. Ambiri pagulu pano anaombera m'manja, amati atilanda malonda. Mawu omwewo ndi amene a Operation Dudula, gulu la ku South Africa lothamangitsa alendo, amanena za Mayi a Favour. Palibe boma limene limapereka chilolezo kwa mlendo kuti adzapikisane ndi mavenda ake. Viza ya bizinesi anaipangira munthu amene wabweretsa chimene iwo alibe, ndalama zambiri kapena luso losowa.

Dalie wa ku Area 49:
Amalume pamenepo pali kusiyana pang'ono. Aja anali othawa kwawo ndipo lamulo lathu limati azikhala kukampu. Ku South Africa kulibe makampu otero.

Achisale (admin):
Lamulo ndi losiyana, mphwanga, koma mtima wa wogulitsa tomato akaona mlendo watsegula pafupi naye ndi umodzi. Bambo anga anapita ku migodi pa Wenela, ndipo nthawi imeneyo boma ndi boma ndi amene amasainirana, munthu umapita ndi pepala m'manja. Zitatha za TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, aliyense anayamba kudziyendera yekha, ndipo m'mpata umenewo ndi mmene munamera madobadoba onsewa.

Mayi a Favour:
Za Dzaleka zija ine sindinaombe m'manja, ndinalira. Ndinkadziona ndekha.

Bambo a Yamikani:
Ndamulembera ejenti uja. Ndamufunsa za R5 miliyoni ndi kalata ya DTIC monga mwanenera. Wayankha ndi mawu ojambula, akuti zimenezo ndi za anthu osadziwa njira, iye ali ndi munthu wake m'kati. Akuti nditumize theka lero chifukwa mwezi ukatha mtengo ukwera, ndipo pasipoti nditumize pa basi.

Che Jafali Mayfair:
Pasipoti pa basi! Kuba kwa m'maso muli gwa. Ikapita imeneyo mudzaiwombola ndi ndalama ina.

Nangozo Randburg:
"Munthu wa m'kati" ndiye sitika ndimanena ija. Alangizi enieni a za mapemiti alipo kuno, maloya ndi makampani, ndipo amalipiritsa ndithu. Koma woona amakuuzani gawo la lamulo limene mukupemphera, amakupatsani invoisi ya kampani yake, ndalama ya boma mumalipira nokha n'kusunga lisiti, ndipo salonjeza kuti ituluka chifukwa wosaina si iye. Akamva za makina anayi amakuuzani tsiku lomwelo kuti njira iyi si yanu. Mlamu wanu mwina sakudziwa, musamukwiyire msanga, koma mumufunse ngati iye mwini pepala lake linatuluka kwa munthu ameneyu, ndipo ngati anadutsa nalo pa boda.

Bambo a Yamikani:
Mlamuyo chipitireni sanabwereko. Ndamva achemwali. Koma mundimvetse, sikuti ndimafuna Joni chifukwa cha magetsi a mumsewu. Kuno madzi afika m'khosi. Sukulu imatenga mayunifolomu mu September, kulipira mu February, ndalama itatha kale mphamvu. Mukanditsekera uku mundionetse kwina.

Che Jafali Mayfair:
Funso limenelo ndi labwino kuposa loyamba lija. Tamverani. Amalawi kuno ndi ambiri ndipo amakwatirana, amachita zinkhoswe, ali ndi makwaya, amayi a mvano, magulu a maliro. Onsewo amafuna yunifolomu ya chitenje, ndipo kusoketsa kuno ndi kodula chifukwa telala akulipira lendi m'malandi. Inu sokerani ku Ndirande komweko, lendi ya makwacha, anyamata anu omwewo, katundu azikwera ndi matransipota a pa Wenela kudzera Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka kuno. Malipiro m'malandi. Mukafuna kudzaona makasitomala ndi kugula nsalu ndi zipangizo, masiku 30 aja ndi anu mwaulere, mudinde, mugule, mutuluke nthawi isanakwane. Chimene simuloledwa ndi kukhala pansi n'kuyamba kusoka kuno.

Nangozo Randburg:
Zimenezo zili bwino, bola katunduyo azilembetsedwa pa boda, asamabisidwe pansi pa matumba a nyemba. Akayamba kuchuluka kafunseni ku MRA za satifiketi ya SADC yosonyeza kumene katundu wapangidwa. Zovala zili ndi malamulo ake ovutirapo pa nkhani ya kumene nsalu inachokera, ndiye mufunse musanalonjeze munthu mtengo.

Kondwani DXB:
Ine ndikuonabe kuti munthu ukafuna kutuluka umatuluka. Tonse tili kunja kuno tinauzidwapo kuti sizingatheke.

Anaphiri Leeds:
Palibe wamuletsa kutuluka aKondwani. Tamuletsa kugula pepala la R175 pa R30,000.

Achisale (admin):
Nambala ya ejentiyo musaiponye pagulu, malamulo athu mukuwadziwa. Nditumizireni kumbali ndione ngati ndi yomwe ena anadandaula nayo chaka chatha.

Mayi a Favour:
Bambo a Yamikani, kwaya yathu ya amayi ikufuna yunifolomu yatsopano isanafike Pasaka, tilipo 24. Tumizani zithunzi za ntchito yanu ndi mtengo wa bulauzi, siketi ndi duku, nsalu yathu. Miyezo ndikujambulirani pa pepala. Koma ndinene pano pa anthu: theka poyamba, theka katundu akafika, ndipo zipi muike zachitsulo, osati zapulasitiki zija zimathyoka munthu uli pakati pa nyimbo.

Bambo a Yamikani:
Zachitsulo zimakwera mtengo pang'ono mayi, ndikuuziranitu. Ndikutumizirani madzulo ano magetsi akayaka.